A Bizeki ndi chitsime chimene tinabisa

Dandaulo loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Novembro, m'chaka chachinayi chibwerere mtendere. Lotsatira ndinakalisiya mvula itatha, lina nthawi ya masawu. Onse pamodzi akwana khumi ndi limodzi. Lililonse ndinkalilemba pawiri, lina la ku ofesi, lina langa, ndipo angawo ali m'bokosi lachitsulo, lililonse ndi chidindo cha amene analandira. Mayankho ndalandira atatu okha, ndipo atatuwo ukawayala pamphasa amakangana okhaokha.

Munthu amene ndinkadandaulira dzina lake, a Bizeki, tinawaika m'manda Loweruka lapitali, konkuno ku Mpadue. Apita asanauzidwe ngati analakwa ndi iwo kapena ayi. N'chifukwa chake ulendo uno sindikulemba dandaulo lokha. Ndikulemba mbiri yawo, kuti wowerenga adziwe kuti dzina lili mu lipoti la mjigo wathu linali la munthu wotani.

A Bizeki anali woswa miyala. Anabadwira ku Angónia ngati ine, ali mnyamata anagwirako mu mgodi wa malasha ku Moatize, ndipo nkhondo itavuta anathawira ku Malawi. Ndinawadziwira kumeneko, ku msasa wa othawa nkhondo, kumene ankakumba zitsime. Pobwerera sanapite kumudzi. Anati ku Tete n'kumene kukumangidwa, ndipo womanga aliyense amafuna miyala. Tinatsika galimoto imodzi, iwo ndi akazi awo a Nasibeko, ine ndi banja langa, n'kupatsidwa malo oyandikana m'munsi mwa kaphiri.

Kaswedwe kawo kanali ka moto ndi madzi. M'mawa ankaunjika nkhuni pa thanthwe n'kuyatsa. Dzuwa la kuno likafika pa liwombo, mwala utapsa mokwanira, ankakankha makala n'kukhuthula ndowa ziwiri. Thanthwe linkalira kuti thee! Chodabwitsa n'chakuti asanayatse moto ankajambuliratu ndi khala mzere umene mng'alu utsate, ndipo kawirikawiri unkatsatadi. Ukaphonya, mlandu unali wa nkhuni: zinali zaziwisi.

M'thumba la jekete sinkasowa kanyundo. Ankagogoda chilichonse: mwala wa pa njira, khoma la sitolo, mphero ya mwini. Akagogoda ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera mphamba. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi anagogoda masitepe, n'kuuza akatekisita kuti yachitatu ing'aluka Khirisimasi isanafike. Inang'aluka m'Janeiro. Akatekisita atawaseka, iwo anayankha kuti yachedwa ndi sitepeyo, osati iwo.

Ankakonda kunena kuti mwala uli ndi mitsempha ngati nkhuni, ndipo woswa wopingasa mitsempha amangodzivutira msana. Ankatinso madzi saswa mwala, amangoyendayenda kufunafuna pamene mwalawo unavomera kale. Zimenezi ankazinena pa maliro, pa ukwati, ngakhale pa nkhani ya mwana wa munthu wothawa ndi mwamuna. Ena tinkatopa nazo.

Ine ndi iwo tinkakangana pa chinthu chimodzi, mapepala. Sankawerenga, ndipo sankawalemekeza. Ankanditcha a Sekeretariyo, chifukwa ndine ndinkalembera anthu a m'dera lathu, koma akafuna kundipsetsa mtima ankati a Mapepala. Chaka china ndinapita nalo kwawo dandaulo lachinayi kuti ndiwawerengere, ndipo ndinaliiwala pa mpando. Pobwerera ndinawapeza ali pansi pa msawu, utsi uli tolotolo.

“Achimwene, mwasuta dandaulo?”

“Theka lokha. Linalo lili apo.”

“Limeneli lili ndi chidindo!”

“N'chifukwa chake likuwawa kukhosi,” anatero akutsokomola. “Koma musakwiye, a Mapepala. Mwa madandaulo anu onse, ili lokha ndiye lagwira ntchito.”

Theka lotsalalo ndili nalo mpaka lero, lopserera m'mphepete. Sindinawalankhule sabata yathunthu, ndipo iwo sanazindikire n'komwe.

Tsopano za chitsime. Titangofika, amayi ankatunga ku Zambezi, kumene munthu amatunga diso lina lili pa ndowa, lina pa ng'ona. A Bizeki anayenda ndi kanyundo kawo kuseri kwa nyumba yawo masiku angapo, kenaka anayamba kukumba. Anapyola dothi, n'kufika pa mwala, ndipo pamwalapo anapeza mtsempha wonyowa n'kuutsata ndi moto, madzi ndi chitsulo. Zinawatengera zilimwe ziwiri. Chitsime chinafika mikwamba isanu ndi inayi. Sichinali chamadzi ambiri. M'Outubro amayi ankadikira kuti chidzadze, akumakangana za amene wafika poyamba. Koma kumtsinje anasiya kupita, ndipo a Bizeki sanakanizepo munthu, wa ku Angónia ngakhale Mnyungwe, mbadwa ya konkuno.

Kenaka kunamveka kuti bungwe lina likubowola mijigo m'madera a anthu obwerera kwawo, ndipo kunabwera fomu. Tinakhala pansi pa msawu kukambirana. Amene sanakhalepo ku msasa sangamvetse zimene tinachita, ndiye ndifotokoze. Ku msasa tinaphunzira kuti munthu akabwera ndi pepala n'kumafunsa zimene uli nazo, usamuuze. Wonena kuti ali ndi bulangete sankalandira bulangete. Wonena kuti ali ndi khasu dzina lake linkadumphidwa. Zaka zambiri tinapulumuka ndi liwu limodzi: palibe. Ndiye tinagwirizana kuti akaona chitsime, mjigo akaupereka ku Canongola kapena kwina. Tinachiphimba ndi mitengo ndi malata, n'kuthirapo dothi, n'kusamutsira khola la mbuzi za a Nasibeko pamwamba pake. Pa ngodya tinasiya lata limodzi lotukulika kuti amayi azitungira alendo kulibe.

Pa zokambirana zija a Bizeki anali atakana. Anati chitsime ungachibisire munthu, koma madzi sungawabisire. Mayi Fatima, Mnyungwe amene tinam'peza pamalopo, anawayankha kuti iwo sanasenzepo ndowa, ndiye akhale chete. Bwalo linagwirizana ndi mayi Fatima, ndipo a Bizeki ananyamula okha mitengo yophimbira.

Pa fomupo panali funso lakuti kodi pafupi pali chitsime, dzenje kapena mgodi wina uliwonse. Ndinalemba kuti palibe. Ndinasaina, n'kudzisungira ina yofanana nayo.

Obowola anabwera, n'kuimika makina awo mapazi makumi anayi kuchoka pa khola. Anabowola masiku atatu. Munkatuluka fumbi lokhalokha, pomaliza timadzi tosadzadza ndowa pa ola. Anatsekapo n'kumapita. Patapita miyezi kunabwera mayi enjinyero, wachitsikana ndithu, wochokera ku Beira, ndi komputadori yopinda ngati sutikesi. Chinyanja sankachimva. Womasulira ndinali ine.

Tinam'tulutsira tebulo la kwathu, n'kuliika pa mthunzi pafupi ndi mjigo. Makinawo anawalumikiza ku batire la galimoto. Anafotokoza kuti mwala wa pansi pathu uli ndi ming'alu, koma yotsekeka. Adzatsitsa mu mjigo chotsekera cha mphira chofufuma, adzapopera madzi pansi pake mwamphamvu, ndipo madziwo akasowa kolowera adzakankha ming'alu ija mpaka itatseguka, madzi a pansi n'kupeza njira yobwerera mu mjigo. Koma asanapope, anati amayamba wauswa mwalawo mu komputadori, kuti aone kumene mng'alu ulowere. Anauza makinawo kuya kwa mjigo, kulimba kwa timiyala timene obowola anatulutsa, ndi mbali imene nthaka imafinya kwambiri. Atadina, pa galasi panaoneka kadontho. Kuchoka pa kadonthoko mzere wofiira unayamba kukula pang'onopang'ono ngati muzu wa nyemba, kulowera kuphiri.

Anthu anawomba m'manja. A Bizeki anadzipanikiza mpaka kutsogolo, kanyundo kali m'manja. Ndinachita mantha kuti agogoda galasi.

“Abwerezenso,” anatero.

Mayiyo anabwereza. Mzere unalowera kuphiri ngati poyamba.

“Afunseni, a Sekeretariyo, ngati mwala uli m'bokosimo unapsapo ndi dzuwa la ku Tete.”

Anthu anaseka. Ndinamasulira, ndipo mayiyo anasekanso. Anati ayi, mwala wa m'makina ndi wofanana paliponse, ulibe mng'alu kupatula umene iye wauikamo. N'chifukwa chake akufunsanso, ngakhale fomu yanena kale: kodi palibedi chitsime kapena dzenje lakuya pafupi? Ndinamasulira funsolo. Anthu anayankha pamodzi ngati m'tchalitchi: “Palibe!”

A Bizeki sanakweze mawu. Anayang'ana ine.

“Auzeni mayiwa. Pansi pa mbuzipo pali chitsime cha mikwamba isanu ndi inayi. Mtsempha umene ndinautsata pokumba ukubwera kuno, pansi pa tebuloli. Madzi awowo sapita kuphiri. Abwera kwanga.”

Mayi Fatima anakonza mpango wake akundiyang'ana. Wina kumbuyo anati, “Akalamba awa.” Mayi enjinyero anali atagwira cholembera, akudikira. Ndinamuuza m'Chipwitikizi kuti mkuluyu akuti mwala wa kuno ndi wolimba.

“Mawu onse aja?” anafunsa.

“Chinyanja n'chachitali, mayi,” ndinatero.

Zimenezi sindinazilembepo m'madandaulo khumi ndi limodzi aja. Ndikuzilemba lero.

Tsiku lopopa kunabwera galimoto ya thanki ndi injini yaphokoso. Unali m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Anatsitsa chotsekera chija n'kuyamba kupopa. Mayi enjinyero anaima pa chida chokhala ngati wotchi, ndipo anandiuza kuti singano ikakwera kwambiri kenaka n'kugwa, ndiye kuti mwala watseguka. Singano inakwera. Inanjenjemera. Inagwa. Mayiyo anadumpha ndi chimwemwe, n'kuuza a injini kuti awonjezere.

Zinayamba kudziwa ndi mbuzi. Zinathamangira ngodya imodzi zikulira, ina n'kulumpha mpanda. A Bizeki okha sanali pa mjigo. Anali ataima pa khola chiyambire, manja kumbuyo. Pansi panamveka ngati mimba ya munthu wodwala, kenaka lata la pa ngodya lija linatukuka lokha, ndipo munatuluka madzi amatope akuwira. Dothi la m'khola linatitimira. Mitengo inathyoka. Khoma la chitsime, limene anaaka mwala ndi mwala zilimwe ziwiri, linagumukira m'kati pamodzi ndi manyowa onse a mbuzi.

Injini itazima, mayi enjinyero anayenda mpaka pa dzenjepo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti chitsimechi n'cha yani. Funso limeneli silinafune womasulira. Tonse tinayang'ana pansi, ine, mayi Fatima, onse amene tinasenza malata aja. A Bizeki anadzimenya pa chifuwa ndi kanyundo.

“N'changa.”

Mawa lake mayiyo anabwera kwa a Bizeki, n'kupempha kuti amuonetse mmene mtsempha uja unkayendera. Anajambula pansi ndi ndodo, iye n'kumakopera m'kabuku kake. Tsiku limenelo ndinamasulira zonse molondola. Mayiyo anati makina ake amadziwa zokhazo zimene auzidwa. A Bizeki anati ndiye ali ngati a Sekeretariyo. Mayiyo anawafunsa ngati mtsemphawo unali wotseguka iwo asanakumbe, kapena unatseguka ndi moto wawo. Anaganiza kwa kanthawi, n'kuyankha kuti sakudziwa. Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu amenewa pa nkhani ya mwala. Pochoka, mayiyo anandisiyira pepala la chithunzi cha mzere wofiira uja. Nalonso ndili nalo. Mzerewo ukulowerabe kuphiri.

Mjigo unayamba kutulutsa madzi, koma anali onunkha khola. A zaumoyo atayesa anaumanga ndi unyolo. Chitsime panalibenso. Amayi anatsitsa ndowa zawo n'kubwerera ku Zambezi.

Lipoti la bungwe lija litafika ku ofesi, ndinakapempha kuti ndikopere. Pa tsamba lachitatu pali mzere umodzi wakuti ntchito inalephereka chifukwa cha dzenje losanenedwa, lokumbidwa ndi mzika ya m'deralo, Bizeki. Mzere umenewu unayenda kuposa lipotilo. Pasanathe mwezi, anthu omwe aja anafuula kuti palibe ankanena kuti chitsime cha a Bizeki chinamwa mjigo. Amayi pochoka kumtsinje, makosi atauma, ankadutsa pakhomo pawo osapereka moni. Mayi Fatima ankawatukwana m'Chinyungwe kuti amve bwino. A Nasibeko anasiya kukhala pa mpando wawo wa m'tchalitchi, n'kumakhala kumbuyo. Patapita zaka, madzi a m'mipope atafika m'dera lathu, nkhaniyo inazizira, koma dzina linatsala. Ana obadwa pambuyo pake ankawadziwa kuti agogo amene anapha mjigo.

A Bizeki sanadziteteze. Ankapita ku thanthwe lawo m'mawa uliwonse, chifuwa chikulira ndi fumbi la zaka zonsezo. Wodandaula ndinali ine. Ndipo nawa mayankho amene ndinalandira.

Loyamba likuti komputadori sinalakwe, analakwa ndi wobisa dzenje, ndipo akanalinena, chotsekera chikanatsitsidwa mozama ndipo palibe chikanachitika. Lachiwiri, losainidwa ndi mkulu wina wa ofesi yomweyo, likuti makina otere saona zitsime zazing'ono zokumba ndi manja, moti chikananenedwa kapena ayi, mzere ukanalowerabe kuphiri, ndipo zimene zinachitika ndi ngozi ya chilengedwe. Lachitatu likuti ntchitoyo inatsekedwa, komputadori inapita ndi eni ake, ndipo mapepala ali ku likulu.

Ndawawerenga mayankhowa mpaka mapindo ake kung'ambika, ndipo sindikumvetsa. Ngati loyamba likunena zoona, wolakwa ndi amene anabisa, ndipo a Bizeki sanabise. Ngati lachiwiri likunena zoona, palibe wolakwa, nanga dzina lawo likutani pa tsamba lachitatu? Ndipo ngati makinawo sakanachiona chitsime ngakhale atauzidwa, mayi uja anafunsiranjinso, fomu itafunsa kale? Chinanso chimandizunguza mutu. Makina anati mng'alu umatsata mmene nthaka ikufinyira. A Bizeki anati umatsata pamene mwala unavomera kale. Masiku ena ndimaona ngati ankanena chinthu chimodzi. Masiku ena ndimaona ngati ayi. Ndinafunsa mphunzitsi wa sekondale, n'kundiuza kuti zonse ziwiri zimatheka. Yankho lotero munthu sungaliike m'bokosi.

Masabata atatu apitawo a Nasibeko ananditumira mawu. Ndinawapeza a Bizeki atagona pa mphasa pakhonde, masana, chifukwa m'nyumba simunkapumika. Anali atatha. Kanyundo kanali pambali pawo.

“Mwabwera ndi pepala, a Sekeretariyo?”

“Ayi, achimwene.”

“Ndiye mukudwala ndinu.”

Anapuma kwa kanthawi, chifuwa chikuchita ngati macheka. Kenaka, maso ali kudenga, analankhula Chipwitikizi chosalala, cha mu mgodi, n'kubwereza mawu anga a tsiku lija monga ndinawanenera: mkuluyu akuti mwala wa kuno ndi wolimba. Anamaliza ndi aja akuti Chinyanja n'chachitali.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti samva Chipwitikizi. Ku ofesi, ku chipatala, ndinkawaperekeza ndine.

“Munamva?”

“Kapitawo wa mu mgodi sankatukwana m'Chinyanja.”

“Nanga bwanji simunamuuze nokha mayi uja? Anali pomwepo!”

“Bwalo linali litasankha inu kukhala pakamwa pake,” anatero. “Ine ndinanena pamaso pa onse. Ndikanalumpha inu, ndikanakuvulani pamaso pa mlendo. Mukanakhalanso bwanji m'dera lino ndi mapepala anu?”

“Koma dzina lanu, achimwene.”

“Chitsime chinalidi changa.”

Ndinafuna kupsa mtima, koma sindinadziwe kuti ndipsere yani. A Nasibeko anali pa khomo, akusankha nyemba, osadzutsa mutu. “Alamu, madzi akumwa ali apo,” anatero. Ndinazindikira kuti nawonso ankadziwa kuyambira kale, ndipo zaka zonsezi ankandiyalira mphasa ndikabwera kudzawerenga madandaulo anga okalipira anthu ena.

Dzulo ndinapita kuseri kwa nyumba yawo. Pamene panali chitsime patsala chigwembe chosaya, m'mphepete mukuonekabe miyala inayi ya khoma lija. Pakati pamera kamsawu, ndipo mbuzi zakadya masamba mpaka pamene zimafikira. Mapazi makumi anayi kuchoka pamenepo pali chitsulo cha mjigo, chopanda chogwirira, unyolo utachita dzimbiri. Ndinayenda kuchoka pa chitsulo kufika pa chigwembe, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pansi. Palibe chikuoneka. Dothi ndi louma ngati kwina kulikonse. Ku thanthwe lawo kuli nkhuni zimene anaunjika matenda asanawagoneke, ndipo pa mwala pali mzere wa khala umene sanauyatsire moto. Kanyundo a Nasibeko akapachika pa msomali pakhonde. Akuti asakagwire munthu.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupereka ku ofesi yoona za madzi pempho lakhumi ndi chiwiri. Ndikupempha kuti munthu wodziwa makina amenewa, kulikonse kumene ali, abwerezenso ntchito ija, ulendo uno ataikamo chitsime cha mikwamba isanu ndi inayi ndi mtsempha wake, ndipo atiuze kumene mzere wofiira ulowere. Ndikupempha kuti pa mayankho atatu aja mutiuze limene lili lanu. Ndikupemphanso kuti dzina la a Bizeki lichotsedwe pa tsamba lachitatu la lipoti. Ngati mzerewo sungakhale wopanda dzina, ndamatapo fomu ija, imene sindinaitumizepo ndi madandaulo enawo. Dzina loyenera lili m'munsi mwake, pafupi ndi liwu lakuti palibe.

Nkhaniyi iyankhidwe polemba, ndi chidindo. Yankholo lisabwere kwanga. Lipite kunyumba kwa a Nasibeko, ku Mpadue, m'munsi mwa kaphiri. Ndidzapita kukawamasulira, liwu ndi liwu, monga lalembedwera.